Mapichesi a Mkamwini

Inu amene mwatsegula wailesi madzulo ano, ena muli kukhitchini mukuvundula nsima, ena mwangofika kumene kuchokera kudimba matope akadali m'miyendo, ena muli m'minibasi pa msewu wa M1 ndipo mukundimva chifukwa dalaivala ndiye wasankha siteshoni.  Masiku ena nthawi ngati ino timakambirana za mitengo ya feteleza, za misewu, za sukulu za ana athu. Lero ndikupempha kuti mundilole ndilankhule za munthu mmodzi amene dzina lake silidamvekepo pa wailesi, ndipo ngakhale lero sindilitchula, chifukwa mwini wake sankakonda kutchuka. Ndikunena bambo anga ondibereka. Adatisiya zaka zitatu zapitazo, mwezi wa Julaye, kwathu ku Bembeke.

Amene mudagonako ku Bembeke mwezi wa Juni kapena Julaye mukudziwa kuti tikati chisanu sitinena kamphepo ka m'mawa ayi. Madzi ogonera m'ndowa ukawakhudza zala zimachita dzanzi. Nkhungu imatsika n'kukuta mudzi wonse, moti umamva tambala wa pakhomo loyandikana nalo akulira koma nyumbayo osaiona. Kuzizira kumeneku n'kumene kudakopa ansembe a White Fathers kuti atsegule mishoni kuno mu 1910, kuti anzawo ofooka ndi malungo ndi kutentha kwa kuchigwa, ku Mua ndi ku Ntakataka, azikwera kudzapezako mphamvu. N'kumenenso kumachititsa kuti kachewere, kabichi ndi mapichesi zizichita bwino kwathu kuno. Koma chisanu chomwechi chikapeza nkhalamba ili ndi bulangete limodzi lothetheka, m'nyumba yolowa mphepo, sichimva chisoni.

Pa 2 Novembala, monga timachitira Akatolika chaka ndi chaka, tinapita kumanda kukalambula ndi kupempherera amene adatsogola, mfumu itatilola. Ine ndinazula udzu pa mtumbira wa bambo, mlongo wanga n'kusesa. Pobwerera tinadzera kuseri kwa nyumba, ndipo ndinapeza mapichesi ayamba kufiira, nthambi zitalemedwa mpaka kuzichirikiza ndi mphanda. Nkhani ya lero ndaitola pansi pa mitengo imeneyo.

Bambo anga sadabadwire m'mudzi umene agonamo. Kwawo kudali kuseri kwa mapiri, cha ku Ntcheu, ndipo kuno adabwera kudzakwatira. M'mudzi mwathu, monga m'madera ambiri a chigawo chapakati, mwamuna ndiye amatsata mkazi. Amamanga nyumba pa malo a apongozi, amalima munda wa kuchikazi, ndipo ana akabadwa mwini mbumba ndi malume awo. Mfunda timatenga wa bambo, koma munda ndi wa mayi. Mkamwini amadziwa kuti tsiku lina banja likasokonekera, kapena mkazi akatsogola, iye adzanyamula kachikwama kake n'kubwerera kwawo, zonse kuzisiya pomwepo. Paja akale adati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. N'chifukwa chake akamwini ambiri sankafuna kudzala mitengo kapena kuwotcha njerwa. Udzaliranji mtengo pa nthaka imene mawa angakuuze kuti si pako?

Bambo anga adadzala. Chaka choyamba cha ukwati adadzala mitengo 12 ya mapichesi kuseri kwa nyumba, kenaka bulugamu m'malire mwa munda, ndipo ine ndili sitandade 3 adaumba njerwa n'kuwotcha okha uvuni. Anzawo pa bawo ankawaseka: "Achimwene, mukukongoletsa pamudzi pa eni?" Iwo ankangoyankha kuti, "Adzadya ana." Adali munthu wa mawu ochepa choncho. Mwina mawu onse amene adandilankhulapo moyo wanga wonse angakwane m'pologalamu imodzi ngati ino.

Tsiku lawo lobadwa sankalidziwa. Ankangoti pa njala ya 1949 n'kuti akukwawa. Sukulu adalekezera sitandade 3, ya mishoni, ndipo chimene ankanyadira kwambiri pa ubwana wawo n'chakuti Ulimbitso adalandira m'manja mwa Ambuye Cornelius Chitsulo, Mmalawi woyamba kudzozedwa unsembe mu mpingo wa Katolika, amenenso adakhala episkopi woyamba wa dayosizi ya Dedza. Atakula adachita zimene anyamata ambiri a nthawi imeneyo ankachita: adalembetsa ku Wenela, adakwera ndege, adakalowa pansi pa nthaka m'migodi ya golide ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege ya Wenela yobweza anthu kumudzi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, Amalawi oposa 70 n'kufera pomwepo, ndipo boma la Dr Kamuzu Banda lidaletsa zolemba anthu opita kumigodi. Njira idatsegukanso patapita zaka zingapo, pa dzina la TEBA, koma bambo atabwerako ulendo umodzi uja sadabwererenso. Adafika kumudzi ndi njinga yakapalasa, sutikesi yachitsulo, jasi lakuda, ndi chifuwa cha fumbi la m'migodi chimene sichidawasiye mpaka imfa.

Inu amene kachewere mumangomuona pa mbale ya tchipisi, dziwani kuti ulimi wake ndi wosagona tulo. Mbewu uyenera kuisunga pouma, pamthunzi, mpaka itaphuka. Nthawi ya dzinja, mvula ikagwa masiku angapo motsatizana, nkhungu n'kuwonjezera, chiwawu chimalowa, masamba n'kuda ngati awauka ndi moto, ndipo ngati sudapopere mankhwala munda wonse umatha sabata isanathe. Mvula ikaleka umatsikira kudimba, kutunga madzi pachitsime n'kumathirira phando ndi phando, m'mawa chisanu chikuluma. Ukakumba, mavenda amafika ndi matumba osokerera kumutu, otalika kuposa mwana wa sitandade 1, mtengo n'kutchula okha. Bambo, pamene adali ndi mphamvu, ankakana kugulitsira pamunda. Ankamanga thumba pa njinga ya ku Wenela ija, kukankha zitunda mpaka pa mphambano ya Bembeke pa M1, masiku ena mpaka kumsika wa Lizulu, kukagulitsa ndowa imodziimodzi. Alangizi a kumalo ofufuzira za ulimi a pa Bembeke akaitanitsa alimi kuti adzaone mbewu yatsopano, iwo ankakhala kutsogolo, chipewa chili m'manja.

Ndalama imeneyo ndiyo idatiphunzitsa. Achinyamata a lero mwina simudziwa kuti sukulu ya pulayimale idayamba kukhala yaulere mu 1994. Kale konseko mwana wopanda fizi ankabwezedwa. Ife tidalipo asanu, ndipo palibe amene adakhalapo pakhomo sabata yathunthu chifukwa cha fizi. Mwa mwambo, bambo akadatha kunena kuti anawa ali ndi mwini wake, apite kwa malume awo. Akamwini ena ankatero ndipo palibe ankawadzudzula. Iwo sadatero ngakhale tsiku limodzi. Ine ndinkangoona ngati ndi mmene dziko lidakhalira: dzuwa limatuluka, mvula imagwa, bambo amapereka fizi.

Ife Amalawi zikomo sasowa pakamwa pathu. Timati zikomo podutsa pakati pa anthu, zikomo pofika pakhomo pa eni, zikomo polandira chenji kwa kondakitala. Mwamuna akakhuta amathokoza mkazi wake pomutchula mfunda, Nabanda kapena Naphiri. Koma mundifunse kuti ndi liti limene ndidakhala pansi n'kuwauza bambo anga kuti zikomo pondilera. Sindidatero. Tidaleredwa kuti pamaso pa bambo mnyamata amanjuta, mtsikana amagwada, maso pansi, kuyankha chokhacho chimene wafunsidwa, kenaka n'kuchoka. Ulemu umenewo ndi wabwino, ndipo ana anga ndimawaphunzitsa womwewo. Koma udasiya mtsinje pakati pa ine ndi bambo, ndipo mawu ena sankatha kuwoloka.

Makolo athu adapeza njira yothokozera popanda kulankhula: malipiro oyamba umagulira okubereka bulangete. Nanenso ndidatero. Nditalandira ndalama yanga yoyamba ku Lilongwe ndidagula bulangete lolemera, chitenje cha mayi ndi shuga, n'kukwera basi Loweruka m'mawa. Ndidanjuta pakhonde n'kupereka ndi manja awiri. Bambo adalifunyulula, kulisisita, n'kukhala chete nthawi yaitali. Kenaka adaomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo bambo, mwatikumbuka." Chibadwire changa ankanditchula kuti iwe, tsiku limenelo ndi pamene adayamba kunena kuti inu. Tamvani omvera, munthu amene adandilipirira sukulu zaka zonse zija ndiye ankathokoza ine chifukwa cha bulangete limodzi. M'kamwa mwanga mudadzaza mawu, koma amene adatuluka ndi akuti, "N'zochepa izi, bambo." Ndidati mpata udzapezeka tsiku lina.

Pa 15 Okutobala dziko lonse limapuma kukumbukira amayi, ndipo n'koyenera kutero. Mabasi amadzaza ndi anthu onyamula zitenje. Miyambi yathu nayo imaima ndi mayi: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Sindikuwachitira nsanje amayi. Ndikudziwanso kuti ena mwa inu mukundimvera ndi mtima wowawa, chifukwa bambo wanu adachoka muli kumbuyo, kapena ndalama yonse ya zokolola inkathera ku mowa inu mukugona ndi njala. Bala limenelo ndi lenileni, ndipo sindikukuuzani kuti muthokoze amene sadakulereni. Koma alipo amene adaima pamalo pakepo, kaya ndi malume, kaya ndi agogo, kaya ndi bambo wokupezani. Ndipo alipo abambo ambiri m'midzi yathu, akamwini osatchuka, amene adakhala, adalima, adameza mawu opweteka a kuchikazi, ndipo lero akukalamba pakhonde popanda wowauza kuti zimene mudachita zija tidaziona.

Chifuwa cha kumigodi chija chinkabwerera chaka chilichonse pamodzi ndi chisanu. Chaka chimene adatisiya, mlongo wanga adandiimbira foni kuti bambo akutsokomola kwambiri. Ndidatumiza ndalama pa foni n'kunena kuti ndibwera mwezi ukatha. Patapita masiku anayi adaimbanso kuti awagoneka m'chipatala, chibayo chawagwira. Ndidafika madzulo. Thupi lidali litatha, koma maso adali omwe aja. Atandiona adafunsa kuti, "Mwayenda bwanji? Ana mwawasiya bwanji?" Atapuma pang'ono adati, "Mapichesi aja afunika kudulira asanachite maluwa. Musaiwale." Ndidawagwira dzanja, mwina koyamba chikulire changa, ndipo lidali lokhakhala ngati khungwa la mtengo. Mumtima ndidati m'mawa kukacha, anthu akachepa m'chipinda muno, ndiwauza zonse.

Adapita tambala woyamba asanalire.

Maliro adali aakulu. Ife ana tidagula bokosi lokongola la zogwirira zonyezimira, tidabwereka matenti ndi mipando, palibe amene adabwerera ndi njala. A kwaya ndi a mphakati adachezera kuimba pasiwa, adzukulu adakumba m'mamawa nkhungu isanachoke. Ndikawerengera lero, ndalama imene idatuluka m'matumba mwathu masiku awiri amenewo ikadatha kukhoma siling'i m'chipinda chawo, kukonza mazenera olowa mphepo, ndi kuwapititsa kukaunikidwa chifuwa zinthu zisanafike poipa. Ndalamayo idalipo ndithu, idangodikira imfa kuti ituluke. Sindikunyoza maliro ayi. Maliro n'kulirana, ndipo kuika munthu mwaulemu ndi udindo wathu. Koma bokosi lija adaliona ndi anthu obwera kudzalira, pamene siling'i akadaiona ndi eni ake.

Chimene chidachitika m'mawa wa tsiku loika sindidzachiiwala. Mwa mwambo, mkamwini akamwalira akwawo amabwera kudzatenga thupi kuti akaike kwawo, ndipo akwawo kwa bambo adafikadi ndi galimoto. Akuluakulu a mbali zonse ziwiri atakhala pambali, malume anga aakulu, eni mbumba, amene pa zaka zonsezo sindidawamvepo akuyamikira mlamu wawo, adavula chipewa n'kunena kuti, "Tikudziwa kuti munthuyu ndi wanu. Koma taonani nyumbayi, taonani mitengoyi, taonani anawa. Ife eni mudzi sitidachite zimene adachita iwowa. Tagwira mwendo, tisiyireni agone konkuno." Akwawo adakakambirana kuseri, ndipo atabwerako adavomera. Bambo anga agona m'manda a mudzi umene adaulowa ngati mlendo. Pamenepo ndidalira kuposa mmene ndidalirira kuchipatala. Adakhala pamudzipo zaka zoposa 40, ndipo mawu amenewo adanenedwa iwo ali m'bokosi.

Titameta, mayi adatulutsa sutikesi yachitsulo ija kuti tione za m'kati. Mudali chiphaso cha ku Wenela, kolona yothothoka mikanda, malisiti a fizi athu tonse asanu omangidwa ndi mphira, ndi makope asanu a ana a sukulu olembedwa ndi pensulo. Tsamba lililonse lidali ndi tsiku, ndowa zimene agulitsa, ndalama imene apeza, ndipo pambali pake dzina la mwana ndi kumene ndalamayo yapita. Fizi. Yunifolomu. Nsapato. Thiransipoti ya ku sekondale. M'kope lomaliza mayina athu adachoka, m'malo mwake mudalowa a zidzukulu. Ndidachezera ndi tochi kufunafuna mzere umene adalembapo chinthu chawochawo. Ndidapeza ziwiri zokha: chubu cha njinga, ndi mabatire a wailesi mwezi ndi mwezi.

Pa tsamba la Febuluwale 2002 ndidaima. Amene mudaliko mukukumbukira njala ya chaka chimenecho, pamene anthu ankadya gaga ndi zitsa za nthochi, ena kuthyola chimanga chisanakhwime. Bambo adalemba kuti, "Njinga yapita. Chimanga ndowa ziwiri, yotsala ku koleji." Ku koleji kumeneko kudali ine. Ndikukumbukira kuti ndalamayo ndidailandira, ndipo mumtima ndidadandaula kuti yachepa. Nditabwera pa holide n'kufunsa za njinga, adangoti yakalamba. Kuyambira pamenepo kachewere ankachita kusenza pamutu.

Bambo anga sindingawauzenso kanthu, kupatula m'pemphero. Koma mayi anga alipo, ndipo ambiri a inu muli ndi makolo amene akadali moyo. Tiyeni tione mmene akukhalira. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti mwa anthu 100 alionse m'dziko muno, pafupifupi asanu ndi a zaka 60 kapena kuposerapo, ndipo ambiri a iwo ali kumudzi. Mlimi alibe penshoni. Munthu amene wagwira khasu zaka 50, tsiku limene msana wakana ndiye kuti ndalama yathera pomwepo. Pologalamu ya Mtukula Pakhomo, imene idayambira ku Mchinji mu 2006, ikuthandiza ndithu, koma imafikira mabanja ochepa okha, osaukitsitsa ndi opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito. Pamwamba pa izo, agogo ambiri akulera kachiwiri. Ena adasiyiridwa ana amasiye pa nthawi imene Edzi inkasesa midzi, ena akusunga ana a anthu amene ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town kusaka maganyu. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo loteteza anthu achikulire, ndipo ndi chinthu chotamandika. Koma lamulo silikatunga madzi kumjigo, silikafolera nyumba mvula isanagwe. Zimenezo zikudikira ife ana.

Pali china chimene ndiyenera kuchinena mosapsatira. M'midzi yathu ina imvi zasanduka mlandu. Mwana akadwala, mphenzi ikagwa, geni ikalowa pansi, chala chimaloza nkhalamba. Mu Januwale 2016, m'mudzi wa Chimbalanga ku Neno, anthu anayi achikulire adaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira ufiti, mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Nkhani zotere sizidathere ku Neno, tikuzimvabe m'maboma osiyanasiyana, ndipo chowawa n'chakuti kawirikawiri oyambitsa sakhala alendo koma ana ndi zidzukulu za m'banja momwemo. Lamulo la dziko lino, kuyambira 1911, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Ambiri aife timadziwa zimenezi, koma nkhalamba ikamakokedwa timaonerera.

Nkhani imeneyi imandikhudza pamtima chifukwa cha mayi anga. Bambo atamwalira, mayi adayamba kudzuka mbandakucha kukaima pansi pa mapichesi, nthawi zina akulankhula okha. Tsiku lina adandifunsa ngati bambo abwerako kudimba. Kuchipatala adatifotokozera kuti ukalamba umatha kubwera ndi matenda a muubongo, amene iwo amawatcha dementia, oti munthu amaiwala, amasochera pamudzi pake pomwe, amaitana anthu amene adapita kale, ndipo chisoni chimawonjezera. Ndi matenda ngati ena onse. Ndimadzifunsa kuti mayi anga akadakhala opanda ana owayang'anira, wina n'kuwapeza usiku ataima kuseri kwa nyumba ya eni atasochera, kukadacha bwanji? Timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto, koma ena mwa ife tayamba kutentha dambo lomwelo.

Ndalama ya pa Airtel Money kapena Mpamba ndi yofunika, musaleke kutumiza. Koma foni siiona kuti denga likudonthera pamphasa, siiona kuti mayi akupapasa khoma pofuna chitseko. Ine ndidazindikira kuti maso a mayi achita ng'ala nditagona kumudzi masiku atatu, n'kuwaona akuthira madzi pambali pa kapu. Iwo ankangoti ndi ukalamba, n'kukhala chete kuti asativutitse. Tidapita nawo ku chipatala cha maso cha ku Nkhoma, adawachita opaleshoni, ndipo lero amasankha okha nyemba. Akadakhala mu mdima mpaka imfa chifukwa cha chinthu chochizika. Makolo athu sadandaula msanga, tiyenera kukaona tokha. Pitani nawo akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Bulangete lifike mu Meyi, chisanu chisanayambe. Ndipo mukafika pakhomo musamangoima pabwalo injini ya galimoto ikulira. Khalani pamphasa. Afunseni kuti adakumana bwanji ndi bambo anu, agogo adachokera kuti, malire a munda uja ndi pati, dzina lanu adakupatsani ndani ndipo chifukwa chiyani. Mafoni amene tili nawowa amajambula mawu. Ine amene ntchito yanga ndi kujambula mawu a anthu ndili ndi zithunzi zambirimbiri za bokosi la bambo anga, koma mawu awo ndilibe ngakhale a mphindi imodzi. Ndikafuna kuwamva ndimatseka maso, ndipo chaka chilichonse akumvekera patali kuposa chaka chatha.

Tsiku lija la 2 Novembala titachokera kumanda, ndinapeza mayi atakhala pakhonde, atayala pamphasa bulangete lija la malipiro oyamba, lomwe tsopano lathetheka m'mphepete monse. Ndinanjuta monga mwa kale. Mtima unkagunda ngati wa mwana wolowa m'mayeso. Ndinati, "Mayi, pali mawu amene ndidalephera kuwauza bambo. Ndati ndikuuzeni inu, mulandire a anthu awiri. Zikomo pondilera. Zikomo chifukwa cha njinga ija."

Anakhala chete, maso ali ku mitengo. Ndinaganiza kuti mwina maganizo awachokeranso. Kenaka anati, "Ankadziwa, bambo. Pologalamu yanu ikamayamba ankatiletsa tonse kulankhula, wailesi ataiika apa pabondo. Mabatire aja ankagulira inu." Anasisita bulangete lija pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Komabe akadakondwa kumva pakamwa panu."

Atatero anadzuka, anatenga dengu, n'kupita kuseri kwa nyumba. Ndinafuna kuwathandiza koma anakana. Anathyola okha, kusankha akupsa okhaokha, mpaka dengu kudzaza. Pondipatsa anati, "Awa mukawapatse ana. Koma chaka chino mudadulira mochedwa. Julaye akubwerayu mufike msanga." Ndawalonjeza kuti ndidzafika sabata yoyamba, ndipo mpeni wa bambo wodulira uja ndaunola kale.

Wailesi ija ikadali pakhonde paja, mabatire ndinasiya atsopano, ndipo ndikudziwa kuti nthawi ino mlongo wanga waitsegula. Mayi, mwaswera bwanji kumeneko? Ndine mwana wanu. Mapichesi aja ana adya, athokoza. Loweruka ndikubwera.